Dzanja la Elizabeti pa Njerwa

Ababa anga, a Paulino, sakonda zoyendayenda. Ngakhale kumsika wa ku Ulongwe amapitako pokhapokha mbatatesi zikasowa wogula pamunda. Ndiye tsiku limene anati, "Telma, Loweruka undiperekeze ku muzeu," ndinachita kuwayang'ana kawiri.

Muzeuyo ndi nyumba yoonetseramo zaluso, imene anaitsegula chaka chatha m'nyumba yakale yosungiramo chimanga ya apadiri, ansembe a pamishoni. Chimene ababa ankafuna kumeneko ndinkachidziwa, ndipo inenso ndinkachifuna kuposa iwo. Amayi anga, a Elizabeti, anamwalira ine ndili wakhanda, tili kothawa nkhondo ku Dedza. Chithunzi chawo palibe, zonse zinapsera m'nyumba. Koma ali mtsikana anaumba nawo njerwa za nyumba ya apadiriyo, ndipo mwambo wa oumba unali wakuti womaliza mzere adinde dzanja lake panjerwa isanaume. Ababa ankati ya amayi ili pakhoma la kummawa, cha m'chiuno mwa munthu. Ine ndinakula ndikungomva, chifukwa nyumbayo inakhala yokhoma zaka zambirimbiri.

Titatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinaima kukamwa kuli yasa. Kutsogolo inali nyumba yomwe ija ya njerwa zofiira, koma m'nthiti mwake munamera chinyumba china cha magalasi ndi zitsulo, ngati nkhalamba yobwereka jekete la mdzukulu. Kaya zinagwirana bwanji, ine kaya.

Pakhomo ababa anavula chipewa, nagwada bondo limodzi. Ataona mbale yamwala yakuda muli madzi, anaviikamo chala n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Pepani abambo," anatero mayi woonetsa alendo, dzina lake a Olga. "Chimenecho ndi chosema. Muno sitikhudza kanthu."

"Nanga madziwo?"

"Ndi mbali ya chosemacho."

"Ndiye kuti ngosadalitsa?" Ababa anapukutira chalacho pathalauza, ine ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke.

M'katimo munali zodabwitsa. Wina analumikiza makasu akutha n'kupanga chimbalame chotambasula mapiko. Wina anapachika matcheni a njinga za ku Kalomwe kuchokera kudenga, akulendewera ngati mvula. Ndinkafuna kufunsa chilichonse, koma ababa anali atapita kale, dzanja lili kumbuyo, akulondola khoma la kummawa.

Ndinawapeza ataima chilili. Khoma lija analiboola chikhomo chachikulu cholowera ku chipinda cha magalasi.

"Panali pano," anatero motsitsa mawu, akuloza m'malere. "Pano penipeni."

Mtima wanga unawawa zedi, ndipo ndinakwiya nawo amisiriwo ndi magalasi awo omwe. Ndinawagwira mkono ababa, ndinawalowetsa m'chipinda chatsopanocho n'kuwakhazika pa benchi, moyang'ana mapiri. Nditawerama kuti ndiwatolere chipewa, ndinaona kuti benchiyo ndi ya njerwa zofiira, zakuthaitha m'mbali.

"A Olga, njerwa izi zinachokera kuti?"

"Ndi za pamene anaboola paja. Womanga anakana kuzitaya, akuti anthu azikhalapo."

Sitinadikire kuti amalize. Tinayamba kukwawa mozungulira mabenchiwo, ababa mbali iyi, ine mbali inayo. Alendo ena ankatilambalala mwaulemu, mwina ankayesa tikupemphera, kapena nafenso ndife zoonetsa. Manja analipo ambiri, ena a zala zazitali, ena ofufutika. Ine ndinkafuna la kachala komaliza koduka, pakuti amayi anadzitema ndi chikwakwa ali mwana.

"Telma," anaitana ababa. "Tabwera."

Inali m'munsi, pafupi ndi simenti. Zala zinayi zathunthu, kachisanu kothera pakati. Ababa ankangoiyang'ana, manja ali m'khwapa, poopa kudzudzulidwanso.

"Apa timakhudza?" ndinafunsa.

"Apa m'pokhala anthu," anatero a Olga. "Khudzani."

Ndinaika dzanja langa pang'onopang'ono. Moyo wanga wonse ndinkaganiza za mayi wamkulu, wa manja otha kundinyamula. Koma dzanja langa linaphimba lonselo, zala zanga n'kutsalako.

"Ababa," ndinatero, misozi ili chuchuchu, "kani anali kamwana chonchi?"

"Anali kamwana," anayankha. "Tachotsa lakolo, ndimupatseko moni nanenso."