Mabere a Siponji

Narelle anachotsetsa timatumba ta silikoni tokulitsira mabere tomwe anamuika m'mabere mwake chifukwa kena kanauma gwa ngati mwala, ndipo msana sunkamupatsa mtendere. Dokotala anati apirire, khungu lidzabwerera lokha. Miyezi inatha, khungu osabwerera. Mabere anangotsala lende, lakumanzere lotsikirapo kuposa linzake, makwinya mpaka kukhwapa.

Nthawi yodandaula analibe. Chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali Lamlungu. Mwana wake Tahlia ankayesedwa kusambira kukalabu ya opulumutsa anthu pagombe, ndipo ana salowa m'mafunde ngati makolo owaperekeza sanakwane. Mphunzitsi anaimba foni kuti papereŵera kholo limodzi, ndipo mayesowo akalephereka, gulu lonse lidikira chaka chamawa. Woperekeza aliyense amavala malaya othina a kalabu, aja akanyowa sabisa kanthu.

Lamlungu litafika, mkulu wake wa Narelle, Kerryn, anabwera ndi timasiponji tiŵiri tochotsa m'kamisolo yakale, n'kumulonga nato pachifuwa pamalo oimika magalimoto.

"Tayang'ana, mwali, wabwerera utsikana," anatero.

"Achemwali, musandinamize. Ndingofuna nditulukemo mwachangu."

Pamchenga zinayenda. Azimayi anzake anamupatsa moni osayang'ana kaŵiri. Koma funde loyamba litamumenya, siponji zija zinamwa madzi n'kuyamba ulendo. Ina inakwera kukhosi, ina inathaŵira kukhwapa. Narelle ankapalasa ndi dzanja limodzi, linalo likubweza katundu m'malo mwake, ndipo apo n'kuti Tahlia atamusiya patali, kamutu kake kakumira n'kuyandama. Woyang'anira ali pabwato anakuwa kuti mayi akumbuyoko asendere kwa mwana, apo ayi amukweza mwanayo m'bwato, mayeso athere pomwepo.

Narelle anapisa dzanja m'malaya, n'kusolola zonse ziŵiri, n'kuzikankhira m'chiuno mwa kabudula. Anasambira mpaka kumupeza mwanayo, nazungulira naye mpira woyandama womwe ana amakhoterapo pobwerera kumtunda, akupuma ngati ng'ombe.

Atatuluka, malaya anamatirira thupi. Chilichonse chinali poyera, makwinya ndi kupendekeka komwe. Kerryn anathamangira ndi thaulo, koma Narelle anamufunditsa Tahlia, yemwe mano ankagundana ndi kuzizira.

"Amayi, ndakhoza?"

"Wakhoza. Vala nsapato."

Narelle anakhala pansi pamchenga wonyowa. Anthu ankadutsa, ena ankayang'ana. Iye analibe mphamvu ngakhale yopinda manja pachifuwa, ndipo kunyumba kunali zovala zosachapa.