Kusamutsa Nkhono ya M'thanki

Magalasi anali akupukutabe thanki ya nsomba pamene mlongo wake anatulukira kukhitchini atanyamula makapu awiri.

"Achimwene, galasilo libookatu. Kodi kukubwera alamu kapena nduna?"

"Ika makapuwo apo, usandisokose."

"Ndiye malaya ositawo ndi olowetsa m'madzi amchere?"

Iye anangopitiriza kupukuta. Dzina loti Magalasi anamupatsa ndi anthu a kushopu kwake, kumene ankadula magalasi a mawindo, ndipo thankiyi anaimanga yekha atangokwatira. Inatenga khoma lonse la pabalaza. Munali madzi amchere, miyala, tinsomba tachikasu, ndi korali, chamoyo chija chimakula ngati nthambi zamwala. Koma mwini thanki weniweni anali nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri, imene inkati ikayasama, mnofu wake wabuluu unkawala ngati nsalu yatsopano. Anaisankha ndi mkazi wake.

Mkaziyo tsopano ankakhala kwa mkulu wake, ndipo miyezi inali itapitapo ndithu. Sikuti panali ndewu ayi. Anangotopa ndi mwamuna wocheza ndi nsomba kuposa anthu, ananyamula makina ake osokera n'kumapita. Magalasi ankamusowa koopsa. Ankamusowa podzuka, ankamusowa pakudya, koma kuti atsegule pakamwa anene, aa, zinkakanika.

Ndiye nkhono inamupezera chonamizira. Korali inakula n'kuitchinga kuwala kwa getsi la pamwamba pa thanki, pomwe nkhono yotereyi moyo wake ndi kuwala. Inayamba kutuwa, kuyasama kwake kongoyerekeza. Inafunika kusamutsidwa. Vuto ndi lakuti imadzimangirira pamwala ndi timaulusi totuluka pansi pake, ndipo ukaikoka umaing'amba m'kati, basi yafa. Pamafunika kudula timaulusito ndi lezala, kufupi ndi mwala, dzanja lili phee. Magalasi anaimbira mkazi wake foni n'kunena kuti manja ake sakuwakhulupirira. Mkaziyo anati abwera Lachitatu masana, ndipo tsikulo linali litakwana.

"Odi!"

Anali mawu a mkazi wake. Munthu kuodira pakhomo pake pomwe! Magalasi anathamangira kuchitseko nsanza yopukutira ikadali m'manja.

"Mwaswera bwanji, a Magalasi?" anatero mkaziyo.

Kale ankati "bambo". Dzina la kushopulo linamubaya, koma anangomeza.

"Ndaswera, mayi. Kaya inu?"

"Alamu!" anakuwa mlongo uja akumukumbatira. "Mwanenepatu! Kuchoka kuno kwakukomerani eti?"

"Iwe, pakamwa pakopo sipanasinthe."

"Pasinthe bwanji, m'nyumba muno wolankhula ndatsala ndekha? Ine ndapita, ndikagule sopo."

Sopo analimo wambirimbiri m'kabati. Anatsinzinira mchimwene wake diso n'kutseka chitseko.

Mkaziyo analunjika pasinki osafunsa njira. Anapinda manja a bulauzi, natsuka mikono mpaka m'mapewa ndi madzi okhaokha, kuti mafuta odzola asalowe m'thanki. Anatambasula dzanja osayang'ana, n'kupeza thaulo pamsomali pomwe analisiya. Magalasi anaona zimenezo.

"Mayo ine, mwana wanga watuwa chonchi?" anatero mkaziyo atawerama pagalasi. Anadutsitsa dzanja pansi pa getsi, ndipo chithunzithunzi chitaigwera, nkhono inatseka pang'onopang'ono. "Ikumva. Mphamvu ikadali nazo."

Patebulo Magalasi anali atayala lezala latsopano, tochi ndi mbale. Anayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, kuti ntchitoyi si yapafupi, ulusi uliwonse udulidwe paokha, nkhono izipumula pakatipakati, mwina mpaka dzuwa lipendeke. Mkaziyo sanatole lezala. Anakwera pakampando, analowetsa mkono m'madzi n'kuyamba kupapasa pansi pa chigoba ndi chala. Kenako anaima.

"Mchenga uwu waunjika ndani apa?"

"Mwina ndi pampu. Madzi amaukankha."

"Pampu? Koma ndiye pampu yake ndi yaluso, yosalaza ngati yagwiritsa supuni."

Anaufukula mchengawo pang'onopang'ono. Pansi pa nkhono panaoneka kamwala kathyathyathya, kosaposa chikhatho, kongokhala pakokha kosalumikizana ndi mwala waukulu.

"Kamwala aka ndinaika ndine tsiku limene tinaigula," anatero. "Ndinati igwire pamenepa, kuti ikadzafunika kusuntha tidzangonyamula ndi kamwala komwe, osadula chilichonse. Munalipo inu. Tochi munagwira ndinu."

Magalasi anayang'ana nsapato zake.

Mkaziyo analowetsa mkono winawo. Ananyamula kamwala ndi nkhono yake pamodzi, osaitulutsa m'madzi, n'kuitsitsa pamchenga poyera, pomwe kuwala kunkafika koma kosawawa. Anaikhazika bwino kuti isapendekeke, anatulutsa mikono, basi ntchito yatha. Tiyi m'makapu anali akufukabe nthunzi.

"Munthu wodula magalasi tsiku lonse," anatero akudzipukuta, "manja anjenjemere pa ulusi?"

Sanalankhule mokalipa. Mwina kukalipa kukanakhala bwino.

"Ndimafuna mubwere," anatero Magalasi motsitsa.

"Ndabweratu. Ndiye?"

Anaimirira pomwepo thaulo lili m'manja, akumuyang'ana m'maso, kudikira. Pampu inkalira. Kansomba kachikasu kanazungulira nkhono n'kubwerera. Mawu anali atafika pakamwa penipeni, Magalasi ankawamva kulemera kwake.

"Tiyi," anatero. "Ndapanga tiyi. Shuga ndathira pang'ono, mmene mumakondera."

Mkaziyo anausa moyo. Anakoleka thaulo pamsomali, anatenga kapu n'kumwa chiimire, theka lokha.

"Kuli diresi la ukwati la mwini likundidikira," anatero akutola chikwama. Atafika pachitseko anatembenuka. "Musaigwiregwire, isiyeni izolowere. Ikapanda kuyasama mundiimbire, ndidzabweranso."

Mlongo uja atabwerera anapeza mchimwene wake atakhala pakampando, kapu yatheka ili m'manja.

"Apita kale? Mwawauza?"

"Ndawauza za tiyi."

"Za tiyi! Koma achimwene inu, Mulungu akuchitireni chifundo. Ine kuyenda mtunda wonsewu dzuwa likuswa mtengo, kukagula sopo wosafunika, inu muli pa tiyi!"

M'mawa mwake, getsi la thanki litayaka, Magalasi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi galasi, atavala kale zakuntchito. Nkhono inali chitsekere. Mumtima ankapempha chinthu chochititsa manyazi, chakuti ikhalebe choncho, isafe ayi, ingokana kuyasama mpaka foni iimbidwe.

Koma nkhono sinamumvere. Zigoba zinalekana pang'ono, kenako kwambiri, mnofu uja unatuluka n'kudziyala pakuwala, wonse, mpaka m'mphepete. Sinayasamepo chonchi chichokereni mkaziyo. Magalasi anaiyang'ana, ndipo kunena zoona anaikwiyira.

Anatulutsa foni n'kulemba kuti, "Sinayasame." Chala chinaima pamwamba pa batani lotumizira. Mkaziyo akanabwera ndithu, sanali munthu wophwanya lonjezo. Akanasamba mikono, akanawerama pagalasi, akanaona yekha, kenako akanamuyang'ana muja anamuyang'anira dzulo.

Anafufuta. Anakhala nthawi yaitali foni ili m'manja, kenako analemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi.

"Yayasama bwinobwino. Palibe choti mudzakonze. Ndakusowani, mayi. Bwererani."

Anatumiza asanadzifunse kawiri. Anaika foni patebulo chagada, anaikweza mawu mpaka pomaliza, n'kukhala pansi akuiyang'ana. Mlongo wake anasuzumira kuchokera kukhitchini, anatsegula pakamwa kuti amuseke, koma ataona nkhope yake anabwerera mwakachetechete.

Tsiku limenelo anthu ofuna magalasi anapeza kushopu kuli kotseka.