Jekete la Achimwene

Nsalu ija inatha masiku asanu ndi anayi patebulo isanalawe sizasi.

Inali yakuda, yolemera m'manja, ndipo anabwera nayo ndi achimwene awo a Mayi Zigamba. Mpingo unali utawapempha bambowo kuti adzalalikire koyamba, ndiye anaganiza zodzaima paguwa atavala jekete losokedwa ndi mlongo wawo.

Dzina la Zigamba linachokera ku ntchito. Zaka khumi ndi ziwiri mayiwo anakhala pakhonde la sitolo ya mapaipi, akupalasa makina, kuika mazipi, kupinda mabuluku ndi kutseka mabowo a m'mawondo. Koma mtima wawo unali pa majekete. Mapepala odulira anali nawo kale m'katoni pansi pa makina, ndipo anali atasokapo majekete atatu a masaka a ufa, onse okhala bwino. Chinkavuta n'kudula nsalu ya mwini. Kale akuphunzira, anaononga buluku la kasitomala, ndipo telala wowaphunzitsa anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe manja akowa ndi a zigamba basi." Mkuluyo anapita kale kwa Ambuye, koma mawu ake ankabwerabe pakhondepo m'mawa uliwonse osaphonya.

Choncho tsiku lililonse Mayi Zigamba ankayala nsalu ija, kupemphera, kuyeza ndi tepi, kulemba mizere ndi choko. Akagwira sizasi, ankaiikanso pansi. Kenaka ankakumbukira kuti pali diresi la mwana lofunika batani.

"Amayi, lero mwalembanso?" anafunsa wosoka nsapato wa pakhonde lomwelo, msomali uli kukamwa. "Nsaluyi yaphunzira mokwanira. Ipatseni satifiketi izipita."

"Samalani zidendene zanuzo, bambo."

"Ine ndikungodandaulira mlaliki. Adzaima paguwa atafunda nsalu ngati wodwala malungo."

Mayiwo anaseka, koma linali Lachinayi, ndipo ulaliki unali Lamulungu. Anayang'ana mizere yoyera ija. Anazindikira kuti masiku onsewa pemphero lawo linali limodzi: "Ambuye, ndichotsereni mantha." Ndipo ankadikira kuti mantha achoke kaye. Koma ndi liti pamene Mulungu anaumitsa njira panyanja munthu ali chikhalire pampando? Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ija amaimba potenga za Mgonero, kuti mawu a telala wakale asamveke. Mantha akadalipo, analowetsa sizasi pakona ya nsalu.

Khwee! Phokoso lake linali laling'ono zedi. Galimoto zinkangodutsa mumsewu monga mwa masiku onse.

Anadula msana, anadula zifuwa, kolala, matumba. Pofika pa manja nsalu inali itachepa, moti sakanatha kuipinda pawiri. Anadula dzanja limodzi, n'kusuntha pepala, n'kudula linalo. Atawaika pamodzi, nyimbo inaduka. Anali ataiwala kutembenuza pepala. Manja onse awiri anali akumanzere, ndipo nsaluyo inali yosiyana kunja ndi mkati, yosatheka kuitembenuza.

Anakhala pansi. Chinthu chimene anachiopa zaka zonsezi chinali chitafika, chili gone patebulo. Anadikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere. M'malo mwake maso awo anali atayamba kale kuyendayenda pa zidutswa zotsala, monga amachitira munthu akabweretsa malaya ong'ambika.

"Kwagwanji? Mwangoti zii," anatero wa nsapato.

"Ndadula manja awiri akumanzere."

"Ho! Ndiye achimwene anuwo azilalikira chammbali?"

"Khalani chete ndiganize."

Panatsala chidutswa chokwanira dzanja lamanja, koma cha kukhwapa chinkaperewera ndi zala zinayi. Anadula kachidutswa pa dzanja lolakwika lija, nalondola ulusi wa nsalu kuti uyang'ane kumodzi, nalumikiza ndi msoko wung'onong'ono pafupi ndi kukhwapa. Anathira madzi, napsinja ndi simbi. Msoko unamira.

Loweruka masana achimwene anafika kudzayesa, ali ndi kope la ulaliki m'thumba la malaya.

"Achimwene, musanavale ndikuuzeni. Ndinalakwitsa dzanja ili. Ndalumikiza kukhwapaku."

Bambowo anatembenuza jekete uku ndi uku. "Pati?"

"Apa."

"Achemwali, ine magalasi ndasiya kunyumba, koma ngakhale mngelo angafunike tochi." Analivala, nakweza manja onse m'mwamba monga wodalitsa mpingo. Palibe chinathetheka. Kenaka anatsitsa mawu. "Ine ndiye ndikunjenjemera. Ulalikiwu ndaulemba kanayi, kanayi konse ndang'amba."

"Musadikire kuti kunjenjemerako kuthe," anatero mlongo wawo akuchotsa kaulusi paphewa. "Sikutha. Mukangotsegula pakamwa, Mwiniwake akakupezani komweko. Tatembenukani. Phewa ili lakwera pang'ono, vulani ndikonze."

Ali mkati momasula msoko wa paphewa, bambo wina amene anatuluka m'sitolo ndi mpope m'manja anaima n'kuyang'ana jekete lija.

"Pepani mayi, kodi majekete mumasokanso? Mwana wanga wayamba ntchito ya mu ofesi."

Mayi Zigamba anamva mantha aja akubwereranso, ofanana ndendende ndi a Lachinayi. Yankho la masiku onse, lakuti "pitani kwa atelala a kutsogoloko", linali kale pamilomo. Analimeza.

"Eya, ndimasoka," anatero. "Mubwere naye Lolemba m'mawa ndidzamuyeze."