Batchala wa Ana Anayi

Kwathu batchala ndi mnyamata wosakwatira, uja amagona ndi mbale zosatsuka. Ku Doha kuno ndi nkhani ina. Ukhale ndi imvi, ukhale ndi zidzukulu, ngati mkazi wako sali nawe m'dziko muno, ndiwe batchala basi. Ife tonse tinali titazolowera kutchulidwa choncho, kupatula Che Tahiru.

Tinkakhala ku Al Muntazah, pamwamba pa nyumba yakale yansanjika, Amalawi okhaokha: magadi, madalaivala, ndi ine Wickson wotsuka mapoto ku hotela. Tinkagona pa mabedi osanjikiza pabalaza, phazi la mnzako lili pamphuno pako, Korona ali mkati. Chipinda chenicheni, cha chitseko ndi zenera lake, chinali chimodzi chokha, ndipo chinali cha Che Tahiru.

Mkuluyu ndi wa ku Machinga. Zaka zambirimbiri anali dalaivala wa banja lina ku Fereej Al Murra, akugona kuseri kwa galaja, pasipoti ili m'kabati ya bwana. Kumudzi anapitako kamodzi kokha. Lamulo litasintha kuti munthu atha kusiya bwana wake popanda kumugwadira, iwo sanachedwe: anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya katundu, nabwera kudzakhala nafe. Chipindacho anachipenta okha, anaikamo makatani a maluwa ndi kalilole wamkulu. Chinali cha mayi a kunyumba, Maimuna. Ndege zikangoyamba kulola alendo, ankati, mayi abwera adzaone kumene kunathera unyamata wa amuna awo. Ukangotsamira khoma lawolo ndi malaya a thukuta, umamva zako.

Mwini nyumba sitinamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Amene tinkamudziwa ndi kapitawo wake, bambo wamimba amene tinamupatsa dzina loti Khalasi, chifukwa chiganizo chake chilichonse chinkathera pa mawu amenewo, otanthauza kuti nkhani yatha. Tsiku lina masana anakwera masitepe akupumira m'mwamba, maski ili pachibwano, natiuza m'Chingerezi chake chothyokathyoka kuti akuluakulu a mzinda ayamba kuwerenga mitu m'manyumba chifukwa cha matendawa. Dera lino ndi la mabanja, anatero, mabatchala onse atuluke pofika Loweruka. Khalasi.

Tinabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi. Tipita kuti? Kumakampu a kuchipululu, kumene basi ya kuntchito imakutenga tambala asanalire? Koma Che Tahiru anangomwetulira, akutakasa tiyi wawo.

"Pepani kwambiri anyamata," anatero. "Ndizidzakuyenderani."

"Che Tahiru, akunena tonse. Inunso muli momwemo."

"Ine? Wickson, samala pakamwa. Ndinamanga ukwati pamaso pa shehe iwe usanamere mano. Ana anayi! Nasibu wanga wayamba kale kumeta ndevu. Batchala ndi iweyo, amene umachapa kabudula mmodzi n'kudikira kuti aume."

Anzathu anaseka, ine ndinapsa mtima. Ndinawafotokozera mpaka malovu kuuma, koma munthu akamanga mfundo yake, iwe ungotaya nthawi.

Nzeru yankhondo ndinabwera nayo ndine, ndipo mpaka lero ndimati inali yabwino. Shefu wathu ku hotela ndi mzungu wa ku Ireland. Nditamudandaulira, anaika mpeni pansi, maso ake n'kuwala. Anati makolo ake anavutika ndi eni malo chimodzimodzi, ndipo anthu othamangitsa akabwera, iwo ankatseka chitseko ndi mitengo n'kuwakhuthulira phala lowira kuchokera pamwamba. Sindinamufunse kuti nkhaniyo inatha bwanji. Ndinangomva za phalazo, n'kuthamanga nazo kunyumba.

Loweruka m'mawa tinali okonzeka. Yusufu, gadi wamtali wa ku Balaka amene ankagona pamwamba panga, anakankhira fuliji pachitseko cholowera. Ine ndinateleka poto wamkulu pa kuka yamagetsi, n'kuthiramo ufa wonse umene unatsala m'nyumba. Che Tahiru anavala mkanjo woyera ndi chisoti chawo cha ku mzikiti, nakhala pabedi pawo, chitseko chili chotsegula pang'ono, ngati munthu wodikira alendo.

Madzi atangoyamba kufunda, magetsi anathima. Khalasi anali atadula kuchokera pansi. Ndinayang'ana mu poto muja: si phala, si madzi, zinthu zoyera zozizira, zamibulumibulu.

"Zomwezo," anatero Yusufu. "Bola azidabwe."

Tinamva mapazi pa masitepe, anthu ambiri ndithu. Tinatsamira fuliji tonse, mapewa pamodzi, wina akuyambitsa nyimbo ya ku mpira. Kiyi inatembenuka. Abale inu! Chitseko chija tinkachitsegula tsiku ndi tsiku, koma palibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti chimatsegukira kunja. Chinatseguka mwaulemu, ndipo fuliji, ndi mphamvu zathu zonse kumbuyo kwake, inatuluka yokha kukawalonjera.

Zimene zinatsatira sindinganene kuti ndinaziona zonse. Fuliji inagwera anyamata awiri a Khalasi, ine ndinaponya phala lija, ndipo lambiri linathera pa masitepe ndi pa Yusufu. Kenako inali mbama, zigongono, mapatapata akuuluka. Wina anandimenya ndi thabwa la bedi pakamwa, dzino n'kuchoka, dzino labwinobwino lakutsogolo limene ndinkamwetulira nalo pa zithunzi. Yusufu anatsitsa chiwaya pamutu pa mnyamata wina woonda, magazi n'kutsika mpaka pa kolala. Nditaona magaziwo, nthabwala zonse zinandithera. Ndinachita mantha.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana anakuwa mawu amodzi amene aliyense amawamva m'chilankhulo chilichonse: polisi. Pomwepo tonse tinauma, ife ndi iwo omwe. Anyamata a Khalasi anali alendo ngati ife, a makontirakiti ngati ife, ndipo kuno ndewu imakukweza ndege yobwerera kwanu ulibe ndi chikwama chomwe. Yusufu anavula malaya ake n'kumanga mutu wa mnyamata amene anamuvulaza uja. Ine ndinayamba kufufuza dzino langa mu phala. Apolisi sanabwere, koma nkhondo inali itatha, ndipo tinali titaluza. Matiresi anayamba kutsika masitepe.

Khalasi anapukuta nsapato zake, nalunjika kuchipinda cha Che Tahiru. Ine ndinatsatira, nsalu ili kukamwa, chifukwa ndine ndinkawamasulira Chingerezi chikawakanika.

"Batchala, panja," anatero Khalasi.

Che Tahiru anaimirira pang'onopang'ono, nakonza mkanjo wawo. "Muuze kuti walakwitsa chitseko. Muno ndi mwa munthu wapabanja."

Ndinamuuza. Khalasi anasuzumira pansi pa bedi, anatsegula kabati, nafunsa kuti madamu ali kuti.

"Ali ku Malawi. Akubwera."

"Madamu Malawi, iwe Doha. Batchala."

Apa ndipo Che Tahiru anatulutsa foni. Anati dikirani, mumve kwa mwini wake. Anaimba ya vidiyo, ndipo patapita kanthawi mayi Maimuna anaonekera, ali pakhonde, mpango kumutu, lichero pamiyendo. Che Tahiru anawafotokozera mwachangu m'Chiyao, akuloza Khalasi, akuloza makatani, akuloza ine wopanda dzino. Anzathu anali ataunjikana pakhomo. Anatembenuza foni kuti kapitawoyo aone bwino.

"Auzeni, mayi a Nasibu. Auzeni kuti ine ndine ndani."

Mayiwo anaika lichero pansi. Sanayankhe m'Chiyao. Anayankha m'Chichewa, ndipo ndikhulupirira anachita dala kuti tonsefe timve.

"Bambowo sakunama. Ndinu batchala."

Yusufu anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Mayi a Nasibu, si nthawi yocheza ino. Akulanda chipinda chanu!"

"Chipinda changa chili kuno, ndipo ndimagonamo ndekha. Kuchigayo amanditchula mbeta, kuzinkhoswe amandikhazika ndi amasiye. Makatani anuwo ndawaona pa foni mpaka ndatopa nawo. Ndinakupemphani makatani ine?" Mawu awo sanakwere ndi pang'ono pomwe. "Achimwene anga anakhalirana pansi sabata yatha. Ndimati ndikuuzeni mutapuma, koma poti mwandiitanira anthu, imvani. Mukudziwa kuti pano munabwera chikamwini, nyumba ino ili pa malo a kwathu. Mwini nyumba wa uko wakupatsani mpaka lero. Ine ndikukupatsani mpaka Idi."

Foni inathima. Khalasi anandiyang'ana, akufuna kuti ndimasulire. Ndinangopukusa mutu. Sindikudziwa kuti anamva chiyani pankhope ya mkuluyo, koma anatuluka mwakachetechete, ndipo anauza anyamata ake kuti chipinda chimenecho achisiye chikhale chomaliza.

Ndinawamvera chisoni Che Tahiru, chisoni chenicheni, ngakhale anali atandinyoza pagulu. Anakhala pansi pabedi, foni ili m'manja onse awiri. Panja matiresi anali kugwa pa msewu, Yusufu akukangana ndi dalaivala wa kalole za malo oika fuliji yophwanyika ija.

"Wickson," anatero, osandiyang'ana. "Kuti munthu apite kwawo masiku ano, amasaina ndani?"

"Palibe. Lamulo lija linasinthanso pamenepo. Pasipoti muli nayo, mungogula tikiti, muyezetse Korona, basi."

"Bwana sangakane?"

"Sangakane."

"Chiyambire liti?"

"Chaka chatha, Che Tahiru. Musanagule n'komwe penti."

Anasisita foni ija ndi chala.

"Ndiye ndikafika," anatero, "ndikanamizira ndani?"