Mbewa za Pansi pa Mikukwe

Chaka chimene makuponi a feteleza anafika ku Njombwa, chimanga chinabereka, mbewa nazo zinaswana. Lefina sanadandaule, poti mbewa ndiye inali geni yake. Mwamuna wake Fumbani ankakumba, iye n'kuwiritsa ndi mchere, kuyanika, kupanika pa timitengo n'kukagulitsa kwa anthu osankha fodya m'zigafa.

Madzulo ena Fumbani anabwera ndi ndowa yodzaza, khasu lilibe ndi dothi lomwe.

"Bambo a Lusiya, mwakumba ndi chiyani? Mano?"

"Mwayi, mayi. Zinangoti lambalamba pansi pa mikukwe ya achimwene. Kukhuta."

"Mbewa yokhuta imathawabe."

"Ndiye ndikazibweze? Tawiritsani, inu."

Anawiritsa, nakagulitsa. Tsiku lomwelo anthu atatu a m'chigafa cha a Mwavi anawatengera kuchipatala pa ngolo, akusanza, thovu lili kukamwa. Mmodzi anali Esitere, mnzake wa Lefina wa kukwaya. Onse anabwerako amoyo. Kenako zinamveka kuti a Amon, akulu ake a Fumbani, anasakaniza poizoni wa tameki ndi gaga n'kuika pansi pa mikukwe yawo osauza munthu.

Lamulungu mapemphero atatha, anthu anatsalira patchalitchi. Anapangana kuti nyambo ya poizoni ithe, m'munda ngakhale m'nkhokwe. Wofuna kuteteza chimanga atchere maliwa kapena awete mphaka. A Amon ndiwo anayamba kuimirira, atavala jekete.

"Ine ndavomereza. Tameki wotsalayo ndataya m'chimbudzi. Koma amayi enawa nawo aphunzire. Chofa chokha sitigulitsa kwa anthu."

Anthu anaomba m'manja. Fumbani anangoyang'ana zala zake zakumapazi. Lefina anadzuka.

"Alamu, chofa chokhacho chinafera m'munda mwa yani? Nanga anatola ndani?"

"Khalani pansi, mayi," anatero mkulu wa mpingo. "Tagwirizana kale. Musatibweze m'mbuyo."

Tameki anathadi m'mudzimo. Agalu analeka kufera m'njira. A Amon anatchera maliwa munda wonse, ndipo mbewa zimene zinkagwidwa, akazi awo a Feliya anayamba kuwiritsa n'kumagulitsa m'zigafa. Zinkatha dzuwa lisanafike pamutu.

Fumbani tsopano ankakumbadi, n'kumabwera thukuta lili kamukamu. Lefina anapanika zake bwinobwino nalowera kwa a Mwavi.

"Eee, afika a Natameki!" anakuwa bambo wina akumanga ndindi za fodya. "Lero ngolo mwabwera nayo nokha?"

Chigafa chonse chinaseka. Esitere sanaseke, komanso sanatukule mutu pa fodya wake.

Lefina anasolola mbewa imodzi pa kamtengo. Anaidya ataimirira pakati pawo, kuyambira mutu mpaka mchira, akutafuna mafupa kuti aliyense amve. Anameza, natambasula dzanja la timitengo.

Palibe anapisa m'thumba.

"Pitani kaye, mayi," anatero bambo uja. "Tione ngati mudzuke mawa."