Khoma Limene Mvula Sifikapo

Lonjezolo analipanga ali kamtsikana kotuwa miyendo, atakhala pa mzinga wankhondo wadzimbiri m'linga lakale la pamwamba pa tauni. Achimwene ake anali atajambula ndi makala msewu wonse wa kwawo pa khoma la lingalo: okala ya pakona, mtengo waukulu wa pampopi, amayi awo akuyanika zovala, ngakhale galu wotsimphina wa aneba. Madzulo ake kunagwa mvula. Atakwerakonso m'mawa anapeza khoma likuchucha misozi yakuda. Achimwenewo anangoseka, koma iye analira, nanena kuti akadzakula adzawamangira khoma limene mvula sidzafikapo.

"Buluzi walonjeza," anatero achimwenewo pouza amayi awo. Ankamutcha Buluzi chifukwa m'lingamo munalibe khoma limene sanalikwere.

Sukulu inamutengera kunja, kumene anaphunzira kulemba mapulani a nyumba, ndipo ntchito inamusunga komweko. Maliro a amayi ake anawamvera pa foni. Anabwerako imvi zitayamba, atapambana mpikisano wolemba pulani ya nyumba yoonetseramo zaluso zamakono, yoti imangidwe pa bwinja la linga lomwe lija.

Tauni imene anaipeza sinali imene ankayendamo m'mutu zaka zonsezo. Okala ija inali shopu ya mafoni. Mtengo anadula. Pamene panali laibulale, momwe anawerenga chilichonse mpaka buku la matenda a nkhumba, panali tchalitchi cha zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu. Anthu ankamulankhula pang'onopang'ono ngati mlendo, ndipo iye ankawayankha ngati anthu amene amubera. Anachita lendi chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato, naikamo tebulo, makatoni, kampeni kodulira ndi guluu. Ankadya ataimirira.

Za malinga ankazidziwa bwino. Makoma amakhala onenepa m'munsi. Chipata sichiloza m'kati mwachindunji, chimakhota, kuti mdani asalowe ndi liwiro. M'malo mwa mawindo mumakhala timipata topapatiza toomberapo mfuti. Zonsezi anaziika m'kanyumba ka makatoni kamene anapita nako ku komiti yoyang'anira ntchitoyo. Wapampando anakazungulira, nafunsa ngati anaitanitsa ndende. Buluzi anayankha kuti linga ndi nyumba ya zaluso n'zapachibale, zonse zimamangidwa ndi anthu oopa kuberedwa. Za mawindo anafotokoza kuti dzuwa limadya utoto, moti chithunzi choombedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku chimafa mwini wake akadali moyo. Pamenepo onse anagwedeza mitu movomereza.

Mayi wosankha zoonetsedwa anamuuziratu kuti m'zipinda simudzalowa zikwangwani za m'misika ngati za achimwene ake. Koma kanjira kokhota ka pachipata analibe nako ntchito. "Umo ndi mwanu," anatero. "Muikemo ngakhale mbuzi."

Ndiye Buluzi anatsetsereka kupita kunyumba ya makolo ake. Achimwene ake tsopano tauni yonse inkawatcha a Penti. Mitu yonse yojambulidwa pa makoma a ometa tsitsi inali yawo, nkhuku za pa malesitilanti zinali zawo, ngakhale mwanawankhosa wa pa tchalitchi chaphokoso chija. Anawapeza pakhonde akutsuka maburashi m'chitini cha parafini. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, namufunsa ngati kunjako chakudya amachita kuonera pa chithunzi. Alamu ake anamupatsa mpando wabwino, wa alendo, ndipo zinamuwawa kuposa mawuwo.

"Achimwene, khoma lija lapezeka," anatero.

A Penti sanafunse kuti khoma lake liti. Anapukuta manja pa buluku, nafunsa kutalika kwake. Atawauza mamita anati za mamita akauze azungu ake, iwo akaliyeza okha. Maziko atakwera anapitadi, nayenda chammbali ngati nkhanu atatambasula manja, amisiri akuseka. Kuyambira pamenepo anayamba kubweza ometa tsitsi. Anagula matabwa osalala, nawaimika pakhonde atawaphimba ndi nsalu yakale, ndipo analetsa mlongo wawo kusuzumira.

Pa kanjira kokhota kaja Buluzi anali ataikapo kampata kamodzi, chapamwamba, kongokumbutsa za mfuti zakale. Pa makatoni kanali kakang'ono ngati chikhadabo, moti sanakaganizire kawiri. Tsiku limene amisiri anachotsa matabwa otchingira simenti, anatsalira yekha anzake atapita kukadya. Analowa pachipata, nakhota, ndipo anaima. Dzuwa linali litalowera pa kampatako n'kugwera pa khoma la achimwene ake, mzere umodzi woonda ngati mpeni. Unkayenda pang'onopang'ono, kuwerenga timabowo ta simenti kamodzikamodzi. Phokoso la tchalitchi silinkafikamo. Munkanunkhira mwala wonyowa, fungo lenileni la linga lija ali mwana.

Anaima pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Kunja kuja anali atamanga mabanki ndi moimika magalimoto, mayina a mabwana ake ali pachitseko. Ichi chokha chinali chake, ndipo m'tauni yonse n'chokhacho chimene chinamulandira ngati mwana wa pakhomo.

Kapitawo wa amisiriwo, amene anamvapo zimene Buluzi anauza komiti, ndiye anafunsa funsolo. Ngati pakhomapo pakubwera chithunzi cha a Penti, ndiye kuti kampatako katsekedwe, si choncho? Inali ntchito ya njerwa zochepa. Buluzi anati ayambe wadikira.

Mlungu womwewo a Penti anamuitana, navundukula nsalu ija. Unali msewu wa kwawo, kuchokera pakona mpaka pampopi, koma wa lero. Shopu ya mafoni inalipo, njinga zamoto, mipando ya pulasitiki, tchalitchi ndi zokuzira mawu zake, zonse mu utoto wofuula wa zikwangwani. Anthu ake anali amoyo moti ukanatha kuwapatsa moni. Buluzi anaona yekha kuti dzanja la achimwene ake silinachitepo chinthu chachikulu chotere. Maso ake anathamangira pamene pankakhala chingwe cha zovala.

"Nanga amayi?"

"Amayi mumsewu muno mulibe, Buluzi. Ndinawaperekeza ndekha. Ndajambula amene alipo." Analoza ndi mchira wa burashi. "Iwe ndi uyu."

Pakona panali mzimayi wa jekete lakuda, atafulatira anthu onse, akuyang'ana m'mwamba pamene panalibe mtengo.

Alamu ake anaseka, nati afanana mpaka kaimidwe. Buluzi anasekanso pang'ono. Ananena kuti n'chokongola, ndipo sankanama. Atabwerera kuchipinda chake anatenga kanyumba ka makatoni kaja, namata kapepala pa kampatako, nasuzumira pachipata. Munali mdima wamba, ngati wa m'khonde la chipatala, wofuna babu. Anamatula kapepalako. Anamatanso. Pansi, mwini sitolo ya nsapato ankakokera makasitomala ndi nthabwala zake za tsiku lililonse, ndipo panalibe munthu m'tauni yonseyo woti Buluzi amufunse. Amene akanamufunsa anali mwini chithunzicho.

Kapitawo atafunsanso, Buluzi anati kampatako akasiye.

Kwa achimwene ake sananene. Ankangoti komiti ikuonabe, kenako anachepetsa maulendo otsetsereka, kenako anayamba kudzera msewu wina. Tsiku lina anakumana ndi alamu ake okha pamsika, ndipo anamuuza mosabisa kuti kapitawo ndi mnansi wawo, zonse anazimva kalekale. Anati iwo ankafuna kukwera kumtundako kukamuyankhula, koma amuna awo anawaletsa, amvekere musiyeni, buluzi ndi dzuwa simungawalekanitse.

Pa tsiku lotsegulira a Penti anabwera atavala jekete la ukwati wawo. Analowa pachipata pamodzi ndi anthu ena, nakhota, naima pamene aliyense ankaima. Mzere wa dzuwa unali pakati pa khoma. Alendo ankanong'ona, ena akujambula ndi mafoni, ndipo wapampando ankauza aliyense kuti maganizowo anali ake. A Penti anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anasisita khomalo ndi chikhatho, monga amachitira asanapake utoto.

"Lauma bwino," anatero. "Wamanga, mlongo wanga."

Sanamutche Buluzi. Anakana tiyi, nati kuli wometa tsitsi amene akuwadikira.

Matabwa a chithunzi aja anatsekereza khonde, choncho alamu ake anawasamutsira kuseri kwa nyumba, pansi pa malata ofupika, ndipo mwezi wotsatira mvula inayamba. Khoma la pachipata lili pansi pa denga la simenti lochindikala. Mvula sifikapo, ndipo palibe chithunzi.