Nsomba Zawo, Nazale Yanga

Musandiuze za nsomba zija ine. Ndikangomva dzina lakelo, tirauti, mtima umachita kuwira ngati zachitika dzulo.

Mtsinje wathu wa Kamphepo umatsika m'mapiri a Ntchisi, madzi ake ozizira oti mano amachita dzanzi. Kuziziraku ndiye kunatiitanira mavuto. Anthu ena a ku Lilongwe, azungu ndi mabwana akuda a m'maofesi, anapanga kalabu yawo n'kubweretsa nsomba zachilendo zimene amati sizikhala m'madzi ofunda. Ankaziwedza ndi mbedza yovekedwa tinthenga kuti izioneka ngati ntchentche. Akaikola nsomba, ankaiyang'ana, kuiyeza, kenako n'kuibwezera m'madzi. Koma abale, ndiwo kuibwezera m'madzi! Ife tikangogwirapo imodzi, unali mlandu.

Chaka chilichonse mu Okutobala kalabuyo inkachita tsiku lake la mtsinje. Ankamanga matenti kumtunda, kugawira ana masiwiti, kuthira tinsomba tatsopano, ndipo ankafuna kuti madzi aziyenda popanda chotchinga. Tsono Okutobala ndi nthawi ya nazale za fodya. Aliyense wa ife anali ndi kadamu kake ka miyala ndi matope kosungira madzi othirira, timadamuto titandandana kutsika ndi mtsinje. Tinali ndi njira yathu yokhalira nawo anthuwo. Tsiku lawo likayandikira tinkatsegula tokha chakumadzulo, kuyambira wakumunsi, mwala umodzi umodzi, madzi n'kumatsika mwaulemu. Alendo akapita tinkatsekanso, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kadamu kanga kanali komalizira kumunsi, mabedi anga ali pompo m'mphepete. Mwamuna wanga, bambo ake a Rute, anali atatchona ku Joni, ndiye nazaleyo ndinaipanga ndekha: kutentha mapesi pamabedi, kufesa, kuphimba udzu, kuthirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo mpaka mapewa kutupa. Mbewu ya fodya ankapereka kamodzi basi pachaka. Ndinkadziwa bwino kuti nazale imeneyo ikalephera, ine ndi ana anga tikwera lole ya ku esiteti ku Kasungu kukakhala matenanti, ngati ena amene anapita osabwerako.

Chaka chimenecho kalabu inalandira membala watsopano, mlongo wanga Stephano, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi mwathu. Wobadwa pambuyo panga, woti ndinamubereka kumsana ine ndemwe. Anamupatsa ndodo yowedzera ndi chipewa chobayidwa tinthenga. Ha! Kuyenda kwake kunasintha, ngakhale kutsokomola kunasintha. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, Stephano anaima pachulu n'kulengeza kuti chaka chino pasapezeke wotsegula damu lake. Ana a sukulu ndiwo adzagumule, alendo akuona, nyimbo zili pakamwa, kuyambira kumtunda komwe kuli matenti. Madzi adzatsike ndi mphamvu n'kutsuka mtsinje wonse, alendo adzadziwe kuti mudzi uno umakonda zinthu zabwino.

"Imeneyi ndi ntchito ya chitukuko," anatero, ndipo wapampando wa chipani wa kwathuko anavomereza ndi mutu.

Masiku amenewo mawu akuti chitukuko akatchulidwa, munthu unkangomeza malovu. Anthu anabalalika. Ine ndinamulondola mpaka kunyumba kwake.

"Iwe Stephano, wapenga eti? Mukagumula kumtunda madamu onse ali odzaza, madziwo akathera pati?"

"Achemwali, khalani pansi kaye."

"Sindikhala. Fodya wanga wangomera kumene, timasamba ngati makutu a mbewa."

"Zonsezo ndaziganizira. M'mawa wa tsikulo ndidzatumiza anyamata akuluakulu adzatsegule lanu pang'onopang'ono, akumbenso ngalande. Madzi akamadzafika adzangodutsa. Mwini mbumba ndine, ndingakuphereni fodya ine?"

"Ndiye ndilole nditsegule ndekha madzulo oti mawa ndi tsikulo."

"Ayi. Awapampando adzayendera mtsinje m'mamawa. Akapeza limodzi lotsegula adzafunsa kuti ndi la yani. Mukufuna dzina lanu lipite kuboma?"

Mlongo wako akakuuza choncho umatani? Ndinabwerera kunyumba.

Tsikulo ndinalawirira kunazale. Wapampando anadutsadi ndi njinga yake, anasuzumira damu, napitirira. Ndinadikira anyamata aja. Dzuwa linakwera, anyamata kulibe. Kenako ndinamva magalimoto akulira m'phiri, ndi ana akuimba kumsewu. Pamenepo ndinadziwa kuti sukulu yonse aitengera kukalandira alendo, ndipo Rute wanga ali momwemo, atavala yunifolomu imene ndinachapa ine.

Ndinalumphira m'madzi n'kuyamba kuzula miyala ndi manja. Mwala wa damu suzuka msanga, inu, matope amakhala atauma ngati simenti. Ndinali nditachotsa ingapo chabe, zikhadabo zikutuluka magazi, pamene ndinamva wezulo kumtunda, kenako nthungululu.

Choyamba kunabwera phokoso. Damu lakumtunda litagumuka linakankha lotsatira, lotsatiralo linakankha linzake, madzi n'kumachulukirachulukira. A Andreya, amene nazale yawo inali pamtunda pang'ono, anakuwa kuti, "Amake Rute, thawani!" Ndinakwawira kugombe. Madzi ofiira, odzaza zitsotso ndi miyala, anamenya kadamu kanga, nakhotera pomwe panali potsika, pamabedi anga. Udzu unayandama. Dothi limene ndinalisefa ndi manja linapita. Ndi kheni yomwe inapita.

Madzi ataphwera panatsala matope osalala ngati pozira. Ndinatapa ndi manja awiri, ndipo m'matopemo munali timbande tingapo, mizu ili m'mwamba. Sindinalire ine. Ndinakwiya, ndipo ndinauyamba wa kumtunda matope ali m'manja.

Ndinapeza anthu atazungulira dziwe. Mzungu wamkulu wa kalabu anali atagwada pafupi ndi mgolo wa tinsomba, akuviika manja ake m'madzi, Stephano akufotokozera anthu ndi mawu ake a m'kalasi.

"Mwaona? Bwana ayamba anyowetsa manja. Nsomba imeneyi ndi yofewa, dzanja louma limaipweteka."

Ndinaseka, koma kuseka koipa. Ndinadutsa pakati pa anthu n'kumuponyera matope aja pansapato.

"Nayu fodya wanga, aphunzitsi! Iyeyu sanali wofewa?"

Nkhope yake inagwa. Anandiyandikira n'kunong'ona.

"Achemwali, pano ayi, chonde. Alendo anafika msanga, ana onse anafunika kumsewu. Ndinaiwala."

"Unaiwala? Chipewacho bwanji sunaiwale? Nsomba zoti simudya n'komwe mukuzigwira ngati khanda, ana a mlongo wako adya chiyani? Adya nthenga?"

Nyimbo zinali zitaleka. Rute anaima m'gulu la anzake, matope mpaka m'mawondo, siwiti ili m'dzanja, akundiyang'ana. A Susana, akazi a a Andreya, anandigwira pakamwa ndi mpango wawo n'kuyamba kundikokera kumbuyo. Mmodzi wa mabwana a ku Lilongwe, wamimba yake, anafunsa m'Chichewa chomveka bwino.

"Kodi mayi ameneyu ndani? Akutsutsa chiyani?"

Wapampando anali atayamba kale kuyenda kubwera kwa ine. Ndiye ndinamva Stephano akuyankha, mawu ake osanjenjemera ndi pang'ono pomwe.

"Musavutike naye, bwana. Ndi mayi wina wa kumunsiku, mutu wake suyenda bwino."

Bwanayo anati, "Ooo, pepani," anthu ena n'kuseka pang'ono kuti zinthu zipole. Wapampando anabwerera pampando wake. Pamene a Susana ankanditsitsa m'njira, kumbuyo kunali kuwomba m'manja. Tinsomba tinali titalowa m'madzi bwinobwino, palibe kamene kanapweteka.

Madzulo ake Stephano anabwera kwathu wopanda chipewa. Anakhala pakhonde n'kumati akanapanda kunena mawu aja, bwenzi nditagona kupolisi, mwinanso kupitirira apo. Mwina ankanena zoona. Koma ine ndinamufunsa chinthu chimodzi, kuti misala yangayo imera fodya? Anati chibale ndi fupa sichiola. Ndinamuuza kuti akauze nsomba zake.

Ndinayendayenda kupempha mbande. A Andreya anali atataya bedi limodzi nawonso, ndipo zotsalazo zinali zosakwana munda wawo womwe. Ndinafika mpaka kwa abale a bambo ake a Rute kufupi ndi Mponela, koma munthu safesa nazale yoganizira mnzake. Kwa alangizi a zaulimi anandiuza kuti mbewu inatha, ndipo ngakhale ikanapezeka, nthawi inali itapita. Stephano naye anayesa, ndisamunamizire. Anabwera ndi timbande todzaza chipewa, toti sitingakwane ngakhale mizere ya kuseri kwa nyumba.

Mvula inagwa. Anzanga anawokera fodya wawo, mizere yanga ili mbee. Chimanga cha m'nkhokwe chinali choti sichifika Febuluwale. Kapitawo wa ku esiteti atabwera kudzalemba anthu, ndinapereka dzina langa. Ena m'mudzi anali atayamba kale kundilankhula mofatsa, mwapang'onopang'ono, monga amalankhulira ndi munthu wodwala mutu. Zimenezo zinandipweteka kuposa njala.

Lole inaima pamsewu waukulu. Stephano anabwera osaitanidwa, nasenza mtolo wathu wa mapoto ndi mabulangete kuchokera kunyumba mpaka kumsewu. Ndinamusiya asenze, unali wolemera. Anakweza ana mmodzi mmodzi. Kwa Rute anati adzamusungira malo ake m'kalasi. Kwa ine anangoti, "Achemwali," ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Lole itanyamuka anatsala ataima m'fumbi, atakweza dzanja. Rute anadzuka pamtolo n'kuyamba kubayibitsa, akukuwa kuti, "Amalume! Amalume!"

Ndinamugwira dzanjalo n'kulitsitsa.